Ripper Street: BBC inalitaya, Amazon n'kulitola. Analipulumutsa ndani?

Kamwendo: Moni nonse. Funso langa ndi la Ripper Street, sewero la pa TV la apolisi a ku Whitechapel, dera la kum'mawa kwa London, lija. Ambiri amangonena kuti BBC italithetsa, owonera anasaina chikalata chodandaula, a Amazon n'kumva chisoni, basi sewero n'kudzuka. Nkhani imeneyi ndi yosalala mopitirira muyeso. Kampani siitulutsa mapaundi mamiliyoni chifukwa cha siginecha za anthu. Amene mukudziwa bwino, tiyalireni: linafa bwanji, linadzuka bwanji, ndipo litadzuka linali lomwelo kapena lina?

Mbewe: Achimwene a Kamwendo, tiyambe ndi madeti kuti tisasochere. Episodi yoyamba inatuluka pa BBC One pa 30 Disembala 2012, Lamlungu usiku 9 koloko. Analilemba ndi Richard Warlow, makampani opanga anali Tiger Aspect ndi Lookout Point, ndipo BBC America inaikamo ndalama zake. Sizoni yoyamba inali ndi maepisodi 8, ndipo usiku woyamba anthu oposa 6 miliyoni anawonera. Sizoni yachiwiri, nayonso ya maepisodi 8, inayamba pa 28 Okutobala 2013, koma anaichotsa Lamlungu n'kuiika Lolemba. Kumayambiriro kwa Disembala 2013, sizoniyo isanathe n'komwe, Jerome Flynn, amene amasewera ngati Sajeni Drake, ananena pa wayilesi ya BBC London kuti sewerolo lathetsedwa. BBC inavomereza, n'kunena kuti owonera sanafike pomwe inkayembekezera. Kumapeto kwa Febuluwale 2014 Amazon inalengeza kuti yalitenga. Sizoni yachitatu inatuluka pa Prime Instant Video, njira ya Amazon yoonetsera mafilimu pa intaneti, pa 14 Novembala 2014, ndipo BBC One inadzaionetsa kuyambira Julaye 2015. Yachinayi ndi yachisanu zinatuluka pa Amazon mu 2016, Januwale ndi Okutobala, kenako pa BBC Two.

Nankhoma: A Mbewe mwayala bwino, koma mwadutsa msanga pomwe panagona matenda: tsiku. Lamlungu usiku ku Britain ndi nthawi yomwe anthu anazolowera kuwonera masewero a zovala zakale. Lolemba la Novembala ndi nkhani ina. Nthawi imeneyo ITV imaonetsa I'm a Celebrity... Get Me Out of Here! pafupifupi usiku uliwonse kwa milungu itatu, 9 koloko yomweyo, ndipo mu 2013 pologalamu imeneyi inkakoka anthu ofika 10 miliyoni. Ija imachitika pompopompo, anthu amavota usiku womwewo, ukaiphonya mawa kuntchito ulibe chonena. Sewero la apolisi a 1890 silithawa, ungalijambule n'kuliwonera Lachinayi. Ndiye banja lomwe limakonda zonse ziwiri linkasankha mosavuta: ya mavoti lero, Ripper Street mawa. Sanalitaye, anangolichedwetsa. Koma ziwerengero zomwe zimatuluka m'mawa mwake sizisiyanitsa wochedwetsa ndi wotaya.

Kamwendo: Achemwali, pa ziwerengeropo tafotokozani. Amawerenga bwanji?

Nankhoma: Bungwe lowerenga owonera ku Britain ndi BARB. Silipita nyumba iliyonse. Nthawi imeneyo linali ndi mabanja osankhidwa oposa pang'ono 5,000, oimira dziko lonse, aliyense ali ndi kachipangizo kolumikizidwa ku TV. Munthu akalowa m'chipinda amadina batani lake pa rimoti yapadera kuti adziwike kuti akuwonera. Kuchokera apo pamatuluka manambala awiri. Yoyamba ndi ya m'mawa mwake, yomwe amaitcha overnight: owonera pompopompo ndi amene anajambula n'kuwonera tsiku lomwelo. Yachiwiri imatuluka pakatha sabata, yophatikiza amene anawonera m'masiku 7. Amene anawonera pa iPlayer, tsamba la BBC lowonerapo pa intaneti, pa laputopu kapena pa foni, mu 2013 sankalowa m'manambala awiriwa. Manyuzipepala amathamangira nambala ya m'mawa chifukwa ndiyo yatsopano, ndipo ikangolembedwa kawiri katatu kuti sewero lagwa, dzina loipalo limamatirira. Kwa sewero lomwe owonera ake ambiri amajambula, nambala ya m'mawa ndiyo yopanda chilungamo kuposa zonse.

Che Saidi: Ndikuvomereza za tsiku, koma tisaike mlandu wonse pa ITV. BBC inalinso m'nthawi yothina. Mu 2010 boma linagwirizana nayo kuti laisensi ya TV iime pa £145.50 pachaka kwa zaka zingapo osakwera, ndipo kuyambira Epulo 2014 inayenera kulipira yokha World Service, wayilesi yake yofalitsa kumayiko akunja, yomwe kale inkalipiridwa ndi boma. Ndalama yomweyo, katundu wowonjezereka. Tsono sewero la nthawi ya Mfumukazi Victoria silotchipa. Sungangoimika kamera pamsewu. Chilichonse chooneka pa chithunzi chiyenera kupangidwa kapena kubwerekedwa: zovala za anthu makumimakumi odzaza msika, akavalo ndi owasamalira, ngolo, nyale za gasi, zikwangwani zolembedwa pamanja, matope oti athiridwe pamwamba pa phula. Mlongoti umodzi wa TV ukaoneka padenga, wina akhale pa kompyuta kuufufuta. Mkulu wa BBC One akakhala ndi maola ochepa a 9 koloko ndi masewero ambiri ofuna malo, amayang'ana mtengo wa ola limodzi n'kuugawa ndi owonera. Pa masamu amenewo Ripper Street inaluza.

Naphiri: Ndiye chikalata chija chinalibe ntchito? Anthu oposa 40,000 anasaina. Ndipo chaka chomwecho owerenga Radio Times analivotera kukhala pologalamu yabwino koposa ya 2013. Zimenezi sizachabe.

Che Saidi: Sizachabe ayi, mayi, koma tione ntchito yomwe zinagwira. BBC sizinaisunthe. Anthu 40,000 pa siteshoni yomwe imawerengera mamiliyoni ndi dontho. Kwa Amazon tanthauzo lake linali lina. Mu 2011 Amazon inagula LoveFilm, kampani yomwe inkatumiza ma DVD papositi ndi kuonetsa mafilimu pa intaneti. Mu Febuluwale 2014 anaphatikiza zoonetsa pa intanetizo ndi Prime, mtengo wa pachaka n'kukwera kuchoka pa £49 kufika pa £79. Anafunika chifukwa chouza munthu wa ku Britain kuti £79 imeneyi siyopita pachabe, pomwe Netflix inali itakhazikika kale. Sabata yomwe ankasintha dzina ndi yomwe analengeza za Ripper Street. Munthu wosaina chikalata ndi munthu amene wasonyeza kuti sewerolo amalifuna mpaka kudzuka n'kuchitapo kanthu. Wotereyu ndi amene angatulutse khadi la kubanki. Siteshoni imafuna unyinji, wogulitsa sabusikiripishoni amafuna anthu ochepa ouma mtima pa chinthu chimodzi. Chikalatacho chinali umboni wa msika, ndiponso kulengeza malonda kwaulere: manyuzipepala onse analemba za chiukitsocho, dzina la Prime lili pamutu.

Mbewe: Ndiwonjezere mbali yomwe imaiwalika. BBC sinachoke kotheratu. Pa sizoni yachitatu inakhalabe m'gulu lolipira, kungoti inasiya mpando wakutsogolo. Mgwirizano unali woti Amazon ionetse poyamba ku Britain, BBC One idzaonetse pakapita miyezi, BBC America isunge gawo lake la ku America. Ndiye thumba limodzi linagawidwa: wolipira kwambiri amadya koyamba, wolipira pang'ono amadikira. Kuyambira Novembala 2014 kufika Julaye 2015 ndi miyezi isanu ndi itatu. Amene sanafune kulipira Prime anadikira n'kuwonera pa laisensi yawo yomweyo.

Chinanso ndi liwiro. Kuchokera pa kuthetsedwa kufika pa kulengeza kwa Amazon sipanathe miyezi itatu. Sewero likathetsedwa, zinthu zimabalalika mofulumira: osewera amasaina makontirakiti ena, olemba amapita, zovala zimabwezedwa kwa eni, malo ojambulira amagwetsedwa. Apa osewera anayi akuluakulu anabwerera onse: Matthew Macfadyen ngati Inspekitala Edmund Reid, Flynn ngati Drake, Adam Rothenberg ngati Kaputeni Homer Jackson, ndi MyAnna Buring ngati Long Susan. Pakanadutsa chaka, kuwasonkhanitsanso kukanakhala kovuta, makamaka Flynn amene nthawi yomweyo ankajambulanso sewero lina lalikulu.

Mayi a Tadala: Za malo ojambulira zimenezo, ambiri sadziwa kuti Whitechapel yomwe timaiona si London. Ndi Dublin. Misewu ija anaimanga ku Clancy Barracks, kampu yakale ya asilikali ku Islandbridge, m'mbali mwa mtsinje wa Liffey. Nyumba zake ndi za njerwa zenizeni za m'zaka za m'ma 1800, ndiye okonza malo anangomanga nkhope za masitolo, polisi ya Leman Street ndi tinjira tating'ono pakati pa makoma okhalapo kale. N'chifukwa chake kamera ikayandikira khoma umaona njerwa yodyeka ndi mwaye, osati pulayiwudu wopakidwa penti. Whitechapel yeniyeni sikanatheka: mabomba a nkhondo yachiwiri ndi kugwetsa nyumba zakale zinasintha dera lonse, lero kuli magalasi ndi maofesi. Ndipo Ireland inali ndi lamulo la msonkho lotchedwa Section 481 lomwe limabweza gawo la ndalama zomwe wopanga wawononga m'dzikomo. Britain inadzayambitsa chithandizo chofanana cha masewero a TV okwera mtengo mu Epulo 2013, sewerolo litazika kale mizu ku Dublin. Msewu womangidwa kale, antchito ozolowerana kale, msonkho wobwerera: Amazon sinagule maloto, inagula fakitale yoyenda.

Kamwendo: Zamveka. Tsono funso lachitatu lija: litadzuka linasintha?

Nankhoma: Linasintha m'njira zitatu zoti ungazione ndi maso. Choyamba ndi kutalika. Ola la BBC One lilibe malonda, koma episodi iyenera kukwana mphindi 58 kapena 59, nkhani za 10 koloko sizidikira munthu. Pa Amazon panalibe mpanda umenewo, ndiye maepisodi ena anapitirira ola, ndipo BBC inkalandira odulidwa. Zomwe zimadulidwa nthawi zambiri si za mlandu, chifukwa mlandu ukadulidwa nkhani imasokonekera. Zimadulidwa ndi mphindi zopumira: anthu awiri ali chete m'bawa, munthu akuyenda yekha usiku. Ndiye wowonera pa BBC ndi wowonera pa Amazon anamva nkhani imodzi, koma kulemera kwake kosiyana.

Chachiwiri ndi kamangidwe ka nkhani. Sizoni yoyamba inali ya mlandu umodzi pa sabata: mtembo pachiyambi, wolakwa kumapeto. Yachitatu inadumpha zaka zinayi kufika 1894, n'kuyamba ndi ngozi ya sitima zapamtunda pakati pa Whitechapel yomwe inapha anthu 55, ndipo ngozi imeneyo ndi amene anaichititsa ndi ulusi womwe ukusoka maepisodi onse 8. Wolemba akadziwa kuti wowonera wake angabwerere m'mbuyo n'kuwoneranso, sachita mantha kumusenzetsa nkhani yaitali.

Chachitatu ndi ndalama pa chithunzi. Ngozi ya sitima ija ndi chinthu chachikulu kuposa chilichonse cha m'masizoni awiri oyamba. Anaiika pachiyambi mwadala, kuti aliyense aone kuti kusamuka sikunali kutsika.

Naphiri: Zonsezi n'zoona, koma tikambenso zomwe anthu anadandaula, chifukwa sewero silinalandiridwe ndi manja awiri ndi aliyense. Episodi yoyamba ija, yotuluka pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, inali ndi mtembo wa mkazi wodulidwadulidwa, nyumba ya mahule, ndi munthu wolemera wojambula kuphedwa kwa akazi pa kamera yoyambirira ya zithunzi zoyenda. BBC inalandira madandaulo, ndipo olemba ena m'manyuzipepala anati sewerolo likudyera pa matupi a akazi. Ine ndikuona kuti pachiyambi dandaulolo linali ndi maziko. Dzina lokhalo likugulitsa Jack the Ripper, munthu wosadziwika amene anapha akazi osauka mu 1888: Mary Ann Nichols pa 31 Ogasiti, Annie Chapman pa 8 Sepitembala, Elizabeth Stride ndi Catherine Eddowes usiku umodzi pa 30 Sepitembala, Mary Jane Kelly pa 9 Novembala. Anali anthu enieni, ena mwa iwo ankasowa ngakhale mapeni 4 olipirira bedi la usiku umodzi m'nyumba zogona anthu wamba. Wakupha ndiye ali pamutu wa sewero, iwo ayi.

Mayi a Tadala: Achemwali, dandaulo limenelo ndalimva, koma taonani chomwe Warlow anachita ndi dzinalo. Nkhani ikuyamba mu Epulo 1889, wakuphayo atasowa kale, ndipo episodi yoyamba yonse ikutsutsa anthu ofuna kumuona paliponse: Abberline, wapolisi wofufuza amene mlandu wa Ripper unamudya mtima, ndi mtolankhani Fred Best amene akudziwa kuti dzina lija limagulitsa nyuzipepala. Reid akukana kuti imfa iliyonse ya mkazi iponyedwe pa mzukwa umodzi, chifukwa akatero wakupha weniweni amapulumuka. Ndipo sizoni yachiwiri inabweretsa akazi a mtundu wina. Muli Jane Cobden, munthu weniweni, amene anasankhidwa kulowa London County Council mu 1889 kuimira Bow ndi Bromley. Muli nkhani ya atsikana a fakitale ya machesi, yochokera pa sitiraka yeniyeni ya Julaye 1888 ku Bryant and May, pomwe akazi ndi atsikana pafupifupi 1,400 anasiya ntchito. Fosifolasi woyera yemwe ankaviikamo timitengo ankalowa m'mano obowoka n'kuwoletsa fupa la nsagwada, munthu nkhope n'kuphwanyika ali moyo. Sewero linaonetsa nsagwada imeneyo pafupi, osabisa. Ndipo Long Susan pofika sizoni yachitatu salinso mayi woyang'anira nyumba ya mahule, ndi mwini chuma wa dera lonse, womanga chipatala ndi dzanja limodzi, dzanja lina lili m'magazi.

Naphiri: Pa Susan ndikugwirizana nanu, ndiye munthu wolembedwa bwino koposa m'masizoni omaliza. Koma zimenezo zikutsimikiza mfundo yanga: anafunika nthawi kuti afike pamenepo. Likanafera pa sizoni yachiwiri, bwenzi tikulikumbukira ngati sewero la amuna atatu ndi mitembo ya akazi.

Che Saidi: Amene simunawonere sizoni yachiwiri, lumphani ndime ino. Pali chimodzi chomwe ine sindichikhululukira: Joseph Merrick, munthu wopunduka thupi kwambiri yemwe ankamutcha Elephant Man. Munthuyu anamwalira pa 11 Epulo 1890 ku London Hospital ali ndi zaka 27. Mutu wake unali wolemera kwambiri moti ankagona chokhala, ndipo dokotala wake Frederick Treves anakhulupirira kuti anayesa kugona chagada ngati anthu ena, khosi n'kuguluka. Sewero linatenga imfa imeneyi n'kuisandutsa kuphedwa ndi wapolisi woipa wongopeka, Jedediah Shine. Kusewera kwake n'kogwira mtima, ndikuvomereza. Koma imfa yeniyeni ya munthu amene nthawi ina anthu ankalipira kuti amuone, n'kuisinthanso kuti ikometse mlandu wa pa TV, pamenepo pakufunika kudzifunsa.

Mbewe: Che Saidi, mfundo imeneyo ndi yolemera, ndipo ikukhudza sewero lonse: mayina ndi enieni, miyoyo ndi yopeka. Edmund Reid analikodi. Anabadwa mu 1846, anatsogolera CID, nthambi yofufuza milandu, ya H Division (apolisi a dera la Whitechapel) m'nthawi ya kuphana kuja atalowa m'malo mwa Abberline amene anasamukira ku Scotland Yard, likulu la apolisi a London, anapuma ntchito mu 1896, anakakhala ku Hampton-on-Sea ku Kent, n'kumwalira mu 1917. Ankadziwikanso ndi kukwera m'mwamba pa baluni. Sizoni yachinayi, ya mu 1897 chaka cha chikondwerero cha zaka 60 za ufumu wa Victoria, imamupezadi ku Hampton-on-Sea. Koma za mwana wake wosowa pa ngozi ya sitima ya pamtsinje ndi zolemba za Warlow. Drake ndi Jackson ndi opeka onse. Dokotala weniweni wa apolisi a H Division anali George Bagster Phillips, osati Mmerika ngati Jackson, amene m'sewero anachokera ku Pinkerton, kampani ya ku America yofufuza milandu.

Kamwendo: Nanga chipinda cha mitembo cha Jackson chija, ndi maikulosikopu ndi mabotolo ake? Apolisi a 1889 anali nazo?

Mbewe: Pamenepo sewero linathamangira kutsogolo. Polisi ya Leman Street inalibe labotale. Mu 1888 Whitechapel inalibe ngakhale nyumba yabwino yosungira mitembo: mtembo wa Nichols ndi wa Chapman anakaupimira m'kashedi ka workhouse, nyumba yosungira amphawi, ku Old Montague Street, ndipo wa Nichols anauvula ndi kuutsuka anthu okhala m'workhouse momwemo dokotala asanayambe kupima. Umboni unkatayika ndi madzi a m'ndowa. Zomwe sayansi inkatha nthawi imeneyo: kupeza poizoni wa arsenic ndi njira ya Marsh, yomwe inalipo kuyambira 1836, kuyerekeza nthawi ya imfa poona kuzizira ndi kuuma kwa thupi, kuona zomwe zili m'mimba. Zomwe sinkatha: kutsimikiza kuti magazi ouma pa malaya ndi a munthu osati a nkhosa. Njira yake inabwera mu 1901 ndi Paul Uhlenhuth, chaka chomwe Karl Landsteiner anafalitsa za magulu a magazi. M'dera lodzaza ndi mabutchala ndi malo ophera nyama, munthu ankatha kuyenda ndi epuloni ya magazi m'bandakucha wapolisi osamufunsa kanthu. Za zidindo za zala, Francis Galton analemba buku lake mu 1892, koma ofesi yake ku Scotland Yard inatsegulidwa mu 1901. Ndiye Jackson ndi munthu mmodzi wosenza nzeru za zaka khumi zakutsogolo. Zikugwira ntchito m'nkhani chifukwa Reid akufunitsitsa njira ina yopezera choonadi kupatula chibakera cha Drake, ndipo nthawi zambiri amabwererabe ku chibakeracho.

Nankhoma: Chimodzi chomwe sitingachiyeze ndi manambala a BARB ndi momwe linayendera pa Amazon, chifukwa Amazon sinkalengeza owonera ake monga zimachitikira pa TV. Chooneka ndi zochita: mu 2015 inayitanitsa masizoni ena awiri nthawi imodzi, BBC One isanaonetse n'komwe yachitatu. Kuyitanitsa awiri pamodzi kuli ndi phindu lake kwa wopanga. Malo amamangidwa kamodzi, osewera amamangidwa pa kontirakiti imodzi, ndipo wolemba amadziwa pomwe nkhani ithere. Sizoni yachiwiri inatha nkhani ili pakati, chifukwa palibe ankadziwa kuti nkhwangwa ikubwera. Yachitatu Warlow anaitseka ngati kuti ndi yomaliza, poopa zomwezo. Yachisanu yokha, ya maepisodi 6, ndi yomwe inalembedwa aliyense akudziwa kuti apa ndiye pothera, n'chifukwa chake ilibe milandu ya sabata ndi sabata, ndi nkhani imodzi yothamangitsana mpaka kumapeto.

Naphiri: Ndipo kusamukira ku BBC Two kwa masizoni awiri omalizawo kukunena kanthu. Kumeneko sewero la owonera mamiliyoni ochepa silichititsa manyazi wina aliyense. Mwina ndi komwe linkayenera kukhala kuyambira pachiyambi, ndi chilankhulo chake chija. Anthu a m'sewerolo salankhula ngati a lero ovala zakale ayi, ziganizo zawo n'zazitali, zopindika, mawu akale, ngakhale sajeni wa pa desiki amalankhula ngati mlaliki. Ena zinawatopetsa, ena ndi zomwe anazikonda. Flynn anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya BAFTA, ya mafilimu ndi TV ku Britain, mu 2014 chifukwa cha Drake, munthu amene mawu ake ndi ochepa kuposa onse.

Kamwendo: Zikomo nonse. Kwa woyamba kumene, angalumphe sizoni yoyamba n'kuyambira pa yachitatu, poti ndi pomwe mukuti linakhwima?

Mayi a Tadala: Ayi achimwene, asalumphe. Sizoni yachitatu imaimirira pa zinthu zitatu zomwe zinadzalidwa koyambirira: mwana wa Reid, chinsinsi cha Jackson ndi Susan chomwe chinawathawitsa kuchoka ku America, ndi ubale wa Drake ndi Rose, mmodzi wa atsikana a m'nyumba ya Susan. Wopanda zimenezi adzaona ngozi ya sitima yokha. Ngati nthawi ndi yochepa, awonere episodi yoyamba ndi ziwiri zomaliza za sizoni yoyamba, sizoni yachiwiri yonse, kenako apitirire. Ayatse mawu olembedwa m'munsi, chifukwa Chingerezi cha ku East End chosakanikirana ndi mawu a zaka 130 zapitazo chimaphonyeka ngakhale kwa eni ake. Ndipo pa sizoni yachitatu ayang'ane kutalika kwa episodi asanayambe: ikakhala pansi pa ola, ikhoza kukhala yodulidwa ija ya BBC.